Tchaja Yeniyeni Inali M'sutikesi Yanga

Inu owerenga, ine sindikhulupirira munthu, ndipo musaganize kuti ndasintha. Koma ndikuvomera kuti kuchenjera kwanga kunabweza mdzukulu wanga chaka chathunthu pa maphunziro ake.

Ndimakhala ku Kapelula komwe ndimalima fodya wa bale. Mdzukulu wangayo, Tadala, ndinamulera ndekha amayi ake atamwalira. Ankaphunzira za uphunzitsi ali pakhomo, ndipo amalume ake a ku Joni anamutumizira laputopu yolembera ntchito za kukoleji. Kwathu kulibe magetsi, choncho ankapita kugolosale ya Che Bwanali, Msilamu wa patiredingi senta, n'kuilumikiza pakhonde, akulemba.

Ine malo otchajitsira ndimawadziwa. Umasiya foni ili ndi batire labwino, pokaitenga lasanduka lofa msanga. Nditanyamula tchaja ya laputopuyo n'kumva kulemera kwake, ndinati iyi siitha mwezi wina asanaisinthe. Tsiku la msika ndinagula ina kwa wavenda, yakuda chimodzimodzi, kamutu kake kofanana, kungoti yopepuka. Yeniyeni ndinaikulunga m'chitenje n'kuiika pansi pa sutikesi yanga. Tadala sindinamuuze, chifukwa chimene mwana wadziwa, mudzi wonse wadziwa. Iye sanazindikire. Ndani amayang'anitsitsa chingwe?

Vuto linayamba pompo. Akailumikiza kumagetsi, laputopu inkayenda ngati nanzikambe: adinde chilembo, adikire, kenaka ndiye chioneke. Akazula chingwe inkathamanga bwinobwino, koma batire silinkachedwa kutha. Mwana anayesa zonse. Anafufuta zithunzi ndi nyimbo, anaipukuta fumbi, anaisanjika pa njerwa kuti izipita mphepo pansi. Palibe chinasintha.

Maganizo a tchaja anandifikira, sindinama. Koma ndinati chingwe ndi chingwe, moto ukulowa, kagetsi kakuyaka. Ndinayamba kufufuza anthu. Banja la matenanti anga ochokera ku Mulanje ndinaliletsa kudutsa pakhonde panga. Kenaka Tadala anatchula kuti tsiku lina anasiya laputopu m'golosale n'kupita kuchigayo. Ndinati basi, wakuba ndamupeza.

Ndinapitako masana, anthu ali mbwee kugula sopo ndi mchere.

"Che Bwanali, zimene munachotsa m'makina a mwana mubweze lero!"

"Agogo, ine foni yanga yomwe amandiyatsira ndi ana. Ndingatsegule chimenecho ndi chiyani, chikwanje?"

Anthu anaseka, ine ndinapsa mtima. Ndinawatchula kuti wakuba, ndipo ndinabwereza. Iwo anavula kachisoti, napukuta thukuta, nati: "Mwanayu sindinamulipiritseko magetsi anga. Kuyambira lero akalumikize kumene kulibe akuba."

Tadala anayamba kupalasa njinga kupita kusukulu ina yakutali komwe kuli magetsi. Kumenekonso laputopu inkakwawa. Apa ndikanaona kuti vuto likuyenda naye m'chikwama, koma ine ndinati ndi umboni kuti Che Bwanali anaiwonongeratu. Tsiku lopereka ntchito yomaliza linakwana asanafike n'pakati pomwe. Akukoleji anamuuza kuti abwereze chaka.

Zinaululika nthawi ya makuponi a feteleza. Kuponi yanga ndinkaisunga m'sutikesi momwemo, ndipo m'mawa wokagula, pothamangira mzere, ndinamuuza Tadala kuti andiunikire pakona pamene ndimatsegula. Ndikukoka zovala, chitenje chija chinamasuka, tchaja n'kugwa pansi kuti phi!

Anaitola, naitembenuza, naona kachizindikiro kofanana ndi ka palaputopu. Sanakuwe. Anangofunsa kuti, "Agogo, munkaisungira ndani?"

Ndinati ndimaiteteza kwa akuba. Iye anaiika m'chikwama mwake n'kutuluka.

Atakaiyesa kusukulu kuja, laputopu inathamanga ili pamagetsi ngati tsiku limene inabwera. Aphunzitsi ena anamufotokozera kuti tchaja yabodza imapereka moto wochepa, ndiye makinawo amadzichepetsa liwiro kuti akwanitse. Sabata yomweyo Tadala anasamukira kwa azakhali ake ku Kasungu boma. Amabwera kudzandiona, amandigulira shuga, koma chikwama chake sachisiya m'nyumba mwanga. Ngakhale popita kuchimbudzi amachikoleka paphewa.

Kwa Che Bwanali ndinapitako ndi nkhuku. Analandira, nandipatsa mpando, koma anandikumbutsa kuti ndinawanyoza pagulu ndipo ndabwera kudzapepesa golosale ilibe munthu. Ananena zoona. Ndinabwereranso tsiku la msika n'kupepesa mokweza.

Inu owerenga, laputopu ikamachedwa pokhapokha ili pamagetsi, yambani mwabwereka tchaja yeniyeni muyese, musanaloze munthu chala. Musagule tchaja poona mtundu ndi kamutu. Ndipo inu agogo anzanga, sindikuti muzikhulupirira aliyense, ayi, akuba alipo. Koma katundu wa mwana musamubisire mwini wake. Ine ndinafufuza matenanti, ndinafufuza wagolosale, ndinakayikira mudzi wonse. Malo amene sindinafufuze ndi amene kiyi wake ndimamumangirira m'chiuno.