Kukaona madzi amene anatenga Limbani

Ndinatuluka m'nyumba ku Kasarani Lachiwiri cha m'ma 11 koloko m'mawa, kunja kuli chisanu chija cha mu Julaye, pamene dzuwa la ku Nairobi limabisala sabata yathunthu. Sutikesi inali yaing'ono, koma pamkono ndinakoleka chijasi cholemera ngati bulangete lonyowa. Anandigulira ku msika wa Gikomba amayi a Chirwa a ku Buruburu, amene amatsogolera gulu lathu la Amalawi ku tchalitchi.

"A Mbewe, kumene mukupitako ndi mufiriji," anatero pondipatsa. "Musakatifere inunso. Maliro amodzi akwana."

Maliro amene ankanenawo anali asanachitike, ndipo n'chifukwa chake ndinali pa ulendo. Limbani, mwana wa mlongo wanga Esinati, anapita kukaphunzira ku Finland ndipo anakwatira komweko. Mu Juni anakwera bwato panyanja ina ya kumpoto kwenikweni kwa dzikolo. Bwato linapezeka litagadabuka, iye sanapezeke. Kwathu ku Dowa munthu akasowa m'madzi timadula thunthu la nthochi n'kuliika m'manda m'malo mwake, kuti olira alire n'kumaliza. Adzukulu anali okonzeka kukumba, koma Esinati anakanitsitsa.

"Achimwene, za pafoni ine ayi," anandiuza. "Mwinimbumba ndinu. Mukaone madziwo ndi maso anu. Nthochi yanga asaikhudze munthu mpaka mutanena inu."

Viza inanditengera masabata asanu. Masiku onsewo Esinati ankagona pansi, kudya mwa apo ndi apo, foni ili kumutu kwa mkeka, poti mwina Limbani aimba.

Wa takisi anati mpaka ku bwalo la ndege ndi elfu mbili, mashilingi zikwi ziwiri, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere ku Kenya sindinanenerere mtengo. Tili pa Thika Road, maminibasi a matatu akutiphika ndi mahutala, anayang'ana chijasi chija n'kuseka.

"Mzee, unaenda wapi na hiyo koti?"

Ankafunsa kumene ndinkapita ndi chijasi chotero. Nditamuuza anandipepesa, ati, "Pole sana," n'kuzimitsa wailesi.

Ndinasintha ndege ku Doha, ndipo ku Helsinki ndinatera Lachitatu m'mawa. Kapu ya khofi ndi kabanzi kamodzi anati mayuro eyiti. Nditawasandutsa mashilingi m'mutu, njala inatha yokha. Masana ndinakwera kandege kena kopita kumpoto. Pawindo panali nkhalango ndi madzi basi, nyanja paliponse ngati zithaphwi za mu Januwale. Mayi amene ndinakhala naye anandilozera monyadira, ati dziko lawo ndi lokongola. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima madziwo ndinali nditayamba kale kudana nawo.

Ku Ivalo, kumene ndinatsikira cha m'ma 3 koloko, kunali kotentha kuposa ku Kasarani. Anthu anali m'makabudula. Ine ndekha ndinali nditanyamula chijasi ngati wogulitsa kaunjika. Pakhomo panaima mtsikana wamtali, wowonda, maso atalowa m'kati. Anali Sanna, mkazi wa Limbani.

"Malume," anatero. Chichewa chake chinathera pomwepo, zotsalazo tinkalankhula m'Chingerezi.

Kwathu ukafika pamaliro umayamba kulira uli patali. Ndinali nditakonzeka kutero, koma iye anangondigwira chanza n'kutenga sutikesi. Kulira kuja ndinakumeza.

Tinayenda pagalimoto pafupifupi maola awiri, poyamba pa tala, kenako pamsewu wa miyala. Kawiri tinaima kupatsa mpata nyama zonga agwape a nyanga za mphandamphanda, zoweta, zimene zimayenda pamsewu mosaopa ngati mbuzi za pa Mponela. Galimoto iliyonse imene tinakumana nayo inali itasenza bwato kapena njinga pamwamba. Sanna anati kumeneko miyezi yozizira kumakhala mdima usana ndi usiku, choncho kukangofunda aliyense amathawira kutchire kukawedza, kusambira ndi kutola zipatso, chifukwa nyengoyo sichedwa kutha.

Kanyumba ka makolo ake kanali ka matabwa, m'mbali mwa nyanja. Anthu olemera chonchi amasiya nyumba za magetsi n'kukakhala kotunga madzi ndi ndowa, chimbudzi chokumba, nkhuni kuwaza okha, ati ndiye tchuthi. Udzudzu wake sindinauonepo ngakhale ku Nsanje. Anati ulibe malungo, koma kuluma kokha kunali kokwanira.

Chimene chinandipsetsa mtima sichinali udzudzu. Pamsewu panalibe masamba osonyeza kuti pagwa zovuta. Kutsidya anthu ankawotcha masoseji patimitengo. Ena ankatuluka m'kanyumba kotentha kamene amakhalamo kuti atuluke thukuta, n'kuthamanga kukadziponya m'madzi akukuwa ndi chimwemwe. M'madzi omwewo, mmene munali mwana wa mlongo wanga! Ndipo a Pekka, apongozi ake a Limbani, mkulu wa imvi wosalankhulalankhula, anandipatsa moni wa mawu atatu, tinadya mbatatesi ndi buledi wakuda, kenako anavala chipewa n'kukakankha bwato. Ndinati kalanga ine, munthu ameneyu akupita kowedza.

Tulo sindinatione. Wotchi inkati teni koloko usiku, dzuwa lili ngwee pamwamba pa mitengo, ndipo kunja sikunade mpaka mawa lake.

Lachinayi pa kadzutsa ndinalephera kudzigwira.

"Apongozi a kwathu sakanachita zimenezi," ndinamuuza Sanna. "Bambo anu akuwedza nsomba pamanda a mwamuna wanu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Lero mupite nawo, malume."

Tinanyamuka cha m'ma 9 koloko. A Pekka anandiveka okha jekete yoyandamitsa, anaimanga, anaikoka, n'kuimanganso kachiwiri. M'bwatomo munalibe nyambo kapena ukonde. Munali chingwe chachitali chokulunga, ndi chitsulo chopingasa chokhala ndi mbedza zikuluzikulu zoti nsomba singameze. Pampando panali mapu a nyanjayo, atadzaza mizere ya pensulo yoyandikana ngati mizere ya m'munda. Manja a mkuluyo anali ong'ambikang'ambika ndi chingwe. Manyazi amene ndinachita, ndikanakonda bwato likanandimeza.

Titafika pakati anaponya chitsulo chija, chingwe chinapita, chinapita, mpaka ndinasiya kuyang'ana. Anayamba kupalasa pang'onopang'ono.

"Apolisi ndi odziwa kumira anasaka, anafika posiya," anatero. "Ine ndimabwera tsiku lililonse. Dzuwa silikulowa, ndiye palibe chondiuza kuti ndiweruke."

Anandiuza kuti ndipise dzanja m'madzi. Pamwamba anali ofunda pang'ono, koma nditafika m'chigongono anandiluma mpaka m'fupa.

"Ndinamuphunzitsa ndine kupalasa," anapitiriza. "Ankakonda kwambiri. Tsiku limenelo kunatentha, jekete anaisiya pamsomali. Ndinaiona, sindinamuitane. Chiyambire nsomba ya muno sindinaidye."

Cha m'ma 12 koloko chingwe chinakungika. A Pekka anasiya nkhafi, nkhope itayera. Tinakoka tonse awiri, chinthu cholemera chikubwera pang'onopang'ono. Ndinkapemphera kuti akhale iye, ndinkapempheranso kuti asakhale iye. Chitatulukira chinali chipika chakuda, chowola, cha msinkhu wa munthu. Pomwepo kulira kuja kunaphulika. Ndinalira mokweza monga timalirira kwathu, ndikuitana dzina lake, ndipo mawu ankabwerera kuchokera kutsidya. A Pekka anavula chipewa n'kudikira mpaka nditamaliza.

"Ndiuzeni zoona, bambo," ndinatero. "Adzayandama?"

"Pano ndi pakuya, ndipo pansi pamazizira chaka chonse. Madzi otere sabweza munthu. Miyezi itatu ikubwerayi nyanja yonse iundana ndi chisanu n'kulimba ngati mwala, tidzayenda pamwamba pake."

"Nanga mukuvutikiranji?"

"Sanna anandiuza kuti amayi ake a Limbani akudikira."

Ndinawafotokozera za nthochi: mmene timaidulira, kuikulunga, kuiimbira nyimbo n'kuiika m'manda. Anamvetsera osaphethira. Kenako anafunsa motsitsa mawu, ngati wopempha chilolezo kwa bwana.

"Amayi ake akaika nthochiyo, ine ndingasiye?"

Ndinati inde, angasiye.

Loweruka Sanna anandiperekeza ku Ivalo. Potsazikana anandipatsa malaya a Limbani a mandalasi, amene anachoka nawo ku Malawi, atawasita bwinobwino. Apo ndiye analira, atandigwira ngati bambo ake.

Ndinatera ku Nairobi Lamulungu masana, kuli mitambo ngati mmene ndinasiyira. Foni ndikanatha kuimba ndili kunyanja kuja, koma ndivomere kuti ndinachita mantha. Ndinaimbira Esinati nditakhala pampando wanga ku Kasarani, nsapato ndisanavule. Inangolira kamodzi.

"Achimwene, mwamuona?"

"Ndaona madzi, achemwali. Ndawagwira ndi dzanja langa. Ndaonanso munthu amene wamufuna tsiku ndi tsiku mpaka manja kung'ambika. Limbani sabwera. Auzeni adzukulu adule nthochi."

Kunamveka mfuu, ndipo azimayi ena anailandira chapatali. Sindinaganizepo kuti kulira kwa mlongo wanga kungadzandipepukitse mtima, koma tsiku limenelo kunatero. Ndinalembera Sanna uthenga wa mawu ochepa, woti auze bambo ake atulutse bwato m'madzi.

Ndinapita kumpoto kuja ndikudziwa kulira kwa mtundu umodzi wokha, kwa pakamwa, ndipo ndinatsala pang'ono kutukwana munthu amene ankalira ndi manja. Chijasi cha amayi a Chirwa sindinachivale ngakhale kamodzi ku Finland. Ndinakachivala ku Dowa sabata yotsatira, mphepo ikuwomba kumanda, pamene tinkatsitsa thunthu la nthochi litavala malaya a mandalasi.