Tsiku Limene Agogo Anakalipira Konkire

Ndikawakumbukira agogo, ndimamva fumbi la simenti likukereketa m'mano, pansi pakunjenjemera mpaka m'mawondo.

Amayi atamwalira, agogo anandilera ku Phoenix, dera la mu mzinda wa Durban, m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni, momwe ankasokeramo zovala. Lamulo lawo linali limodzi: Chichewa chimathera m'nyumba. Panja tinkayankhula Chizulu chokha, poti anali ataonapo anzawo akuthamangitsidwa atadziwika kuti ndi obwera.

Konkire ya pabwalo inapendekekera kuchitseko kwathu, moti mvula ikagwa madzi ankalowa n'kunyowetsa nsalu za makasitomala. Eni nyumba atalola kuti tikumbe ngalande, a Gama, mmisiri wobadwira ku Zimbabwe, anatisiyira makina ophwanyira konkire aja amati breka, ati adzaswa okha Loweruka. Koma Lachinayi kumwamba kunada bii.

Agogo anavala majombo, anamanga kansalu pamphuno, n'kutseka makutu ndi tizidutswa ta nsalu. Atangodina, chinthucho chinabangula, agalu onse a mumsewu n'kuyankha. Chinawavinitsa gogo wanga mapewa, duku n'kugwa, koma sanachisiye. Mng'alu woyamba utathamanga ngati njoka, ndinalumpha ndikukuwa, ine amene aphunzitsi ankandiyesa wosayankhula.

Apo agogo anaiwala lamulo lawo. Podalira phokoso lija, anayamba kuikalipira konkireyo m'Chichewa. Mwadzidzidzi magetsi anazima, breka n'kukhala chete, koma iwo, makutu ali otseka, anapitiriza mokweza:

"Sweka, mfiti iwe! Zaka zitatu ukundinyowetsera nsalu! Lero wakumana ndi mwana wa ku Dedza!"

Pampanda panali patatsamira MaZondi, mayi woyandikana nafe, ndi ana ake awiri akuluakulu. Agogo anachotsa tinsalu tija pang'onopang'ono.

"Hawu, Gogo!" anatero mayiyo m'Chizulu. "Sindinamvepo kanthu, koma konkireyo yamva. Mwati chiyani poyamba paja?"

"Sweka," anayankha agogo motsitsa.

"Sweka!" MaZondi anakuwa, akuseka mpaka misozi. Anatuma ana ake kukatenga nyundo ndi wilibala, ndipo tinamaliza ngalandeyo ndi manja, aliyense akamenya akufuula liwu lomwelo. Madontho oyamba anatipeza tikukokolola zibuma zomaliza.

Mantha sanathe mu Durban, ndipo mu taxi ndimayang'anabe kaye amene wandiyandikira ndisanayankhule Chichewa. Koma kunyumba kwanga, ana anga ndimawaitana m'Chichewa nditaima pabwalo, geti lili lotsegula.