Timbiya tosaotcha ta Ba Tembo

Ntchito yanga yoyamba mu Lusaka ndinaipeza pamaliro. Ndinali nditangofika ku Kanyama kuchokera ku Katete, mkazi wamasiye, ana atatu pambuyo. Tikutsuka mbale kuseri, mayi wina wa kutchalitchi anandinong'oneza kuti Ba Tembo okhoma mbaula akufuna munthu wodziwa dongo, koma wopanda pakamwa. Dongo ndinaliphunzira kwa amayi anga. Pakamwa pokha njala inali itanditseka kale.

Ba Tembo anali atapeka mbaula yachilendo. Kunja lata ngati zina zonse, koma m'kati munkakhala kambiya kadongo ka mabowo opendekeka, olowetsa mphepo mozungulira. Malasha, amene kwathu timati makala, odzaza manja awiri okha ankapsetsa nyemba. Ndinaona ndi maso angawa, chitseko chili chotseka, pa kambiya kamodzi kamene anaotcha okha m'dramu.

Ntchito yanga inali iyi. Dongo ndinkaliviika, kulisefa miyala, kusinja njerwa zosweka mumtondo, kuthirako utuchi, n'kuponda ndi mapazi mpaka lisiye kumata. Kenako kulikanikiza m'chikombole chachitsulo, kusalaza ndi chitsononkho, kuboola mabowo aja ndi msomali waukulu, n'kuumitsa pamthunzi. Chotsala chinali kuotcha basi. Koma kuotcha timbiya tambiri kumafuna ng'anjo panja, ndipo panja pa Kanyama pali maso.

"Nalembetsa patenti ku tauni," anatero Ba Tembo. "Ni pepala ya boma yokamba kuti ichi chinthu ni changa. Ikalibe kuchoka, kulibe munthu azaona."

"Lituluka liti, bambo?"

"Manje manje, Amake Misozi. Imwe muzankhala kapitawo."

Manje manje ameneyo! Mvula inabwera, inapita, inabweranso. Mwana amene ndinafika naye ali kumsana anayamba kutumidwa mchere. Ba Tembo akapita ku ofesi ankabwerako nsapato zili mbuu, n'kunena kuti akuluakulu akali kufufuza ngati wina sanapangepo chotere, ngakhale kumaiko akutali. Ife tinkangoumba n'kusanja m'chipinda, kuyambira pansi mpaka kudenga, tonse tosaotcha. Malipiro anga anali pamela, kaphukusi ka ufa ka tsiku limodzi, mwinanso osapezeka. Mlamu wanga anandipezera malo ogulitsa tomato kumsika, ine ndinakana. Ndinkati moyo wa ana anga uli m'chipinda chija, ungodikira pepala.

Akazi a Ba Tembo, Amake Joyce, ankaika mbale yopanda kanthu patsogolo pawo n'kunena, "Dyani patenti, ba injiniya. Niikemo mchere?"

Tsiku lina mvula inayamba m'mawa osapuma. Ku Kanyama madzi sagwa kumwamba kokha, amatumphukanso pansi, poti pansi pake ndi thanthwe. Ndinasiya ana pamwamba pa tebulo, n'kuthamangira kwa Ba Tembo madzi ali m'mawondo. Ndinapeza madziwo alowa kale m'chipinda chija. Timbiya tapansi tinali titayamba kufewa ngati phala, mizere yonse ikupendama.

Ndinatenga beseni, kudzaza timbiya, kusenza kuti ndikaike padenga la aneba. Ba Tembo anaima pakhomo, manja tambasu.

"Osachosa panja! Bantu bazaona mabowo!"

Ndinatula beseni, ndinagwada m'madzi momwemo. "Bambo, ndagwira mwendo wanu. Aone, abe, achite zimene afuna, koma tipulumutseko. Zaka zanga zonse zili m'dongoli."

Sanasunthe. Ndiye kumbuyo kwanga ndinamva khofo! Mzere woyamba unagwa, unakankha unzake, unzakenso unzake. Madzi anasanduka ofiira, anadutsa pakati pa miyendo yawo n'kutsika ndi njira. Anthu amene tinkawabisira aja anaona zonse, koma anaona matope. Ine ndinatola kamodzi kokha, kootcha kaja. Madzi sanakachite kanthu.

Kutauma ndinati, ku ofesi kumeneko tipitira limodzi, ndikamve ndi makutu anga. Tinapeza mayi waulemu, anatipatsa mipando. Ndinafunsa kuti pepala limeneli likuchedweranji chotere.

"Zimatenga zaka, amayi, ndi mmene zimayendera, ndipo lanu likali m'njira," anatero. "Koma chinsinsi chimafunika musanalembetse. Kuyambira tsiku munalembetsa, malo anu anasungika. Mukanatha kuotcha n'kumagulitsa."

Ndinayang'ana Ba Tembo. Anauzidwa kalekale kuti asaonetse munthu, koma sanafunse kuti mpaka liti. Ulendo uliwonse ankangofunsa kuti latuluka kodi, akamva kuti ayi, n'kuvala chipewa. Tsikulo chipewacho anangochipinda m'manja.

Mphamvu yoyambiranso analibe. Anagulitsa chikombole ndi lumo lodulira malata, ine ndinapita kukaphwanya miyala m'mbali mwa msewu. Pepala ndinamva kuti linatuluka ndithu, iwo atabwerera kale kumudzi.

Kambiya kaja ndikali kuphikirapo mpaka lero. Chimene ndinatolapo n'chakuti munthu akakuuza kuti dikira, usamangofunsa kuti mpaka liti. Funsanso kuti podikirapo ndingachite chiyani. Ndipo ukaumba, otcha. Dongo losaona moto, lingakongole bwanji, mwini wake ndi mvula.