Chigiriki Changa ndi Dooko la ku Makhanga

Nkhondo ya Jeremani itangotha, mbusa wa pamishoni yathu adandipezera malo pa koleji ina ya ku Kepi, ndipo ndidatsimikiza mtima kupita. Atsibweni anga a Nyakamera, amene adandilera ndi nsomba za m'dambo, adayamba akana, koma atamva kuti ndikaphunzira Chigiriki adavomera tsiku lomwelo. Ndinkayesa akondwera ndi Mawu a Mulungu, amene ena mwa iwo adalembedwa m'chinenerocho.

Ndidatsika Shire pa sitima mpaka ku Chinde, kenaka panyanja yamchere. Kukolejiko wakwathu ndidali ndekha. Anzanga ankangonditcha Mnyasa, ndipo patchuthi iwo akapita kwawo, ine ndinkatsala ndikulima m'dimba la aphunzitsi kuti ndipeze sopo ndi masitampa. Mneni mmodzi wa Chigiriki amasintha njira kuposa Shire m'dzinja, komabe ndidaloweza zonse, uku ndikunjenjemera ndi chisanu chimene munthu wa kuchigwa sachidziwa. Mphunzitsi wathu, Mskotishi, sadaone chifukwa chotiuzira kuti katchulidwe kamene ankatiphunzitsa kadali ka kwawo, kosamveka kwa Mgiriki aliyense wamoyo. Makalata a kumudzi, olembedwa ndi mphunzitsi wa pasukulu yathu, ankathera pa funso limodzi: "Kodi wayamba kuyankhula?"

Funsolo ndidalimvetsa nditabwerako ndi dipuloma yanga. Pa dooko la kwathu ku Makhanga, pamene makolo athu ankakocheza mabwato, padali mpanda wa waya. Mgiriki wina wogula thonje, amene anthu ankamutcha Kalimera potsata moni wake, adali atayamba kuyeza malowo ine ndisanachoke. Tsopano adali atawatenga onse, n'kusiyira asodzi kanjira kamodzi m'mbali.

"Womasulira wa kuboma amadya kwa iyeyo," adatero atsibweni. "Iwe ukamulankhule cha kwawo, mtima ukagwa. Tidakutumira chiyani nanga?"

Ndidawafotokozera kuti changa ndi cha m'mabuku akale.

"Iii, ayamba kudzimva ophunzira! Chigiriki ndi Chigiriki. Vala tayi yako, tiye."

Tidapita, asodzi ali pambuyo pathu. Ndidayamba ndi liwu lakuti "despota", limene m'mabuku athu ndi ulemu wa kapolo kwa mbuye wake, kenaka ndidayala pempho lathu mwadongosolo. Pa zonsezo munthuyo adatolapo liwu loyambalo basi. Ndidadziwa pambuyo pake kuti m'Chigiriki cha lero liwuli amaitanira bishopu. Tsono iyeyu ankasunga akazi awiri a m'mudzi mwathu kuseri kwa sitolo yake, ndipo amishoni adali atamudzudzula kale. Adaona munthu wa tayi, wochokera kumishoni, akumutcha bishopu pamaso pa khamu. Nkhope idafiira.

"Buluka pano!" adakuwa m'Chisena chosalala, kundithamangitsa ngati galu. M'mawa mwake kanjira kaja kadatsekedwa ndi waya. Kuyambira pamenepo mabwato athu amakocheza m'mabango, kumene kuli ng'ona.

Nkhaniyi ndaisinkhasinkha zaka zambiri, ndipo mlandu sindiulandira. Mskotishi adandiphunzitsa chinenero cha akufa ndi lilime lake, podziwa kuti kwathu kulibe womutsutsa. Mgiriki adali atafuna kale kutseka, ankangosowa pogwira. Koma amene amandiwawa kwambiri ndi abale anga. Ndidawachenjeza, adakana kumva, ndipo zitavuta adandisiya ndekha pawaya. Madzulo a tsiku limene kanjira kadatsekedwa, atsibweni, akusoka ukonde, sadadzutse n'komwe mutu.

"Ana a anzathu adapita ku Joni, adabwera ndi mabulangete. Iwe wabwera ndi waya."

Ndili kuchisanu kuja ndinkadzitonthoza kuti kwathu kuli anthu amene akundisowa. Ankasowa pakamwa panga pokha. Mabuku anga ali m'bokosi lachitsulo kuopa chiswe, ndipo mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe wa pabanja pathu amene adandifunsapo zimene zili m'menemo.