Dzina Langa Silinali M'nyuzipepala

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndipo sindichita nazo manyazi. Amene ali ndi madigiri abwere adzasoke kolala ya jekete tione. Zaka zonsezi ndakhala pa makina osokera kuseri kwa msika wa Warwick kuno ku Durban, ndipo ndikayankhula amandimva mpaka kokwerera mataxi. Powerenga ndimachita kuloza ndi chala, koma dzina la bambo anga ndimalizindikira ngakhale pepala mulizondotse.

Ana anga ena anatsala kumudzi. Ku Durban tinabwera ndi chitsirizira, mtsikana. Chaka cha 2008, pamene eni dziko ankatithamangitsa ife alendo ngati agalu, iye n'kuti akulowa sekondale. Tinkachita lendi kachipinda ku Greyville kwa gogo wina wa Chizulu, wamasiye. Gogoyo anati amulembetse mwanayo ngati mdzukulu wake, mapepala onse akhale m'dzina la kwawo, kuti asamamunene kusukulu. Akazi anga anakayika. Ndine ndinavomera. Ndinati dzina ndi malaya, umavala n'kuvula.

Zaka zisanu zinatha, mwana analemba matiriki, mayeso omaliza sekondale. Kuno zotsatira zimatuluka m'nyuzipepala mu Januwale, ndipo anthu amalimbirana mapepalawo m'mamawa ngati buledi. Ine sabata yonse ndinali nditalengeza: "Mukonzeke, dzina langa mudzaliwerenga ndi maso anu!" Za gogo zija ndinali nditaziiwaliratu, poti kunyumba mwanayo tinkamuitana dzina lake lenileni.

Ndinagula nyuzi, ndinaiyala patebulo lodulira nsalu. Anasonkhana amayi a ku Limbe amene amadzaoda mabulangete kuno, ndi telala mnzanga wa ku Dedza, munthu wa pakamwa ngati lumo. Ndinayendetsa chala tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Dzina langa panalibe.

Kenako mwana uja anatulukira akuthamanga, mayi ake ali pambuyo mpango uli m'manja.

"Ababa, si apo! Apa, onani apa! Ndakhoza, masamu ndi sayansi ndapambana kuposa onse m'kalasi mwathu!"

Ndinayang'ana pamene analoza. Dzina la mwamuna wa gogo, munthu amene anafa ndisanamuone n'komwe.

Wa ku Dedza anawerama, anawerenga mokweza, kenako anaseka mpaka kugwira makina.

"Eish, madala! Ndiye zaka zonsezi mumasokera malemu suti? Mwalima inu, wakolola ali kumanda!"

Amayi aja anabisa pakamwa ndi zitenje. Mwana anali chiimire, akumwetulirabe, akudikira kuti ndimugwire dzanja. Ndinapinda nyuzi ija n'kunena ndi mawu anga onse, kuti ndi ophika nyama a mumsikamo amve:

"Uyu sindikumudziwa ine. Apite kwa bambo ake alembedwa apawa."

Kunyumba ndinapeza gogo wapha nkhuku, akululutira pakhonde, akuuza msewu wonse kuti mdzukulu wake wamuchotsa manyazi. Mdzukulu wake! Gogoyo anagulapo yunifolomu? Zonse ndinasoka ndi manja awa. Nkhuku imeneyo sindinadye.

Patapita masiku, kalata ya kukoleji inafika. Anamutenga kukaphunzira za mankhwala, ndi thandizo la fizi pamwamba. Ankafunika kukalembetsa sabata yotsatira, atatenga kalatayo ndi kabuku kobiriwira ka chiphaso, ndipo wosayina ngati kholo anali gogo. Ine udindo wanga unali wokamunyamulira chikwama basi.

Ndinamuitana. Anagwada pakhomo.

"Ukawauze kuti dzina lako si limenelo. Alembe la ine."

"Ababa, ndikangotero andilanda malo, ndi satifiketi yomwe. Mwinanso gogo amangidwa. Ndimalize kaye, ndikadzayamba ntchito ndidzasintha."

"Ukadzayamba ntchito ine ndili m'manda, anthu akuti dokotala wa Chizulu?"

Mayi ake analowerera. "Bambo, si inu munanena kuti dzina ndi malaya?"

"Ndiye ndikuti avule!"

Mwana analira, anati andigwira miyendo, anati pa tsiku lomaliza maphunziro adzandiimika kutsogolo. Kutsogolo ngati ndani? Telala wa banja?

M'mawa mwake ndinatenga kalata ija ndi kabuku kaja pansi pa matiresi n'kupita nazo kuntchito. Kabuku ndinakaduladula ndi sizasi yanga yaikulu. Kalata inali ya pepala lolimba bwino, ndiye ndinadulapo patani ya kolala. Madzulo ndinamuonetsa. Sanalire. Anangoyang'ana, n'kukatsuka mbale.

Gogo anabwera kudzandilalatira m'Chizulu, anati atha kupita naye kukapempha mapepala ena. Ndinadziwa kuti angathedi. Ndiye Loweruka ndinamukweza basi pamodzi ndi amayi a mabulangete aja, pasipoti yake ya Malawi ili m'manja mwa mmodzi wa iwo, ulendo kwa azakhali ake ku Limbe. Ndinati akaphunzire kwathu, m'dzina lathu. Kumeneko anakamuuza kuti satifiketi ndi ya munthu wina, pasipoti ya munthu wina, ayambirenso Folomu 3. Anakana. Zimenezo ndi zake, ine njira ndinamupatsa.

Akazi anga mpaka lero amandiikira chakudya patebulo osakhala nane. Ku Greyville tinasamuka.

Chaka cha 2015 mwanayo anayamba kubwera yekha kudzaoda mabulangete. Tsiku lina anadutsa pa tebulo langa, chimtolo chili pamutu, khosi litakhota. Wa ku Dedza yemweyo anakuwa:

"Iwe mtsikana, ukudutsa bambo ako osapereka moni?"

Anaima. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka pa makina, n'kuyankha mwaulemu ndithu, mosakweza mawu:

"Pepani achimwene, awa sindikuwadziwa."

Anapitirira. Wa ku Dedza tsiku limenelo sanaseke.

Anthu amati ndinalakwa. Alankhule, mwana ndi wanga. Patani ija ndikadali nayo, yada m'mbali ndi choko, ndipo dzina la malemu lija linatsalira theka pakona. Makolala anga onse amachokera pamenepo, ndipo funsani aliyense pa Warwick, palibe makolala amene amakhala bwino pakhosi ngati anga.