Mlongoti wa ku Munhava

Mkulu wina kuno ku Munhava, amene anapuma ntchito ya kudoko, anachotsa waya wa intaneti m'nyumba mwake. Tsopano banja lonse limapala intaneti pa foni yake ngati moto, ndipo foniyo sichoka m'thumba mwake. Akalowa m'chimbudzi, adzukulu amatsamira chitseko. Akapita kukameta, onse ulendo.

Tsiku lina mwana wake Ermelinda akufunsidwa mafunso a ntchito pa laputopu, mkuluyo anatulutsa njinga kuti akagule nkhanu.

"Ababa, khalani pansi, mundiphera ntchito!"

"Nkhanu sizidikira munthu. Nyamula chimakina chakocho, tiye."

Ermelinda anayankha mafunso onse akuthamanga pambuyo pa njinga. Anamulemba ntchito, ati ndi wachangu.

Mukamudzudzula mkuluyo, amangosisita thumba lija.

"Nthawi ya waya ija, ndani ankandiperekeza kumsika?"