Cheke cha pa Maliro a Mayi

Ndalama zanga za ovataimu ndinabwereketsa kampani ya bambo ena, akulu a mpingo amene anandisunga nditangofika ku Indianapolis. Kampaniyo inkanyamula odwala kupita nawo kuchipatala. Sitinalemberane kanthu. Munthu amene wadya m'nyumba mwake ungamuuze kuti sainani apa? Ine ndinaleredwa bwino, mwina mopyola muyezo.

Zaka zinapita. Tikakumana pa ukwati bambowo ankayamba okha kunena kuti sanaiwale, ine n'kupinda bondo, n'kubwerera ku South Bend, kumene ndinasamukira, manja lende. Kenako kampani inagwa, khoti n'kuika munthu woti agawe zotsala kwa onse amene inali nawo ngongole. Ndalamazo ndinkazidalira pa koleji ya mwana wanga, ndiye ndinapita kwa loya.

Loyayo, mayi wosataya mawu, anati ngongole nayo imakalamba. Zaka zimene lamulo limapereka zoti munthu asumire zinali zitandithera, ndipo zolonjeza zapakamwa khoti siliwerengera. Pamafunika kalata yosaina yovomera ngongoleyo, kapena umboni woti anabwezako ngakhale pang'ono, kuti zaka ziyambe kuwerengedwanso. Anafunsa ngati kampaniyo inandipatsapo ndalama iliyonse.

Inandipatsapo. Mayi anga atamwalira kumudzi, bambowo anayendetsa galimoto kuchokera kwawo ku Beech Grove, ku Indianapolis konko, mpaka ku South Bend, kukuzizira, sinowo ili mbwee mumsewu, nadzakhala pansi pa kapeti pamodzi ndi olira ena. Potsanzika anandifumbatitsa cheke cha kampani, ndipo n'chimene ndinagulira tikiti yokaika mayi.

Loya anawongoka pampando. Anati ngati cheke chimenecho chinali chobweza ngongole, mlandu wanga uli moyo. Ndinawaimbira bambowo ndili pomwepo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mwana wanga, unene kuti ndinkabweza ngongole. Ine ndisaina," anatero.

Ankandichitira chifundo, ndikudziwa. Koma zinandiwawa, ndipo ndinapsa mtima. Ndiye zilembedwe kukhoti kuti pa maliro a mayi anga munthu wamkulu chonchi anabwera chimanjamanja, kudzangobweza ngongole?

Loya anafunsa kuti alembe chiyani. Ndinamuuza kuti chinali chipepeso, ndalama yopepesera anamfedwa, basi. Anandifunsanso ngati ndikumvetsa kuti ndikatero sindipeza ngakhale senti. Ndinati ndamva, ndinalipira ola lake, n'kupita ku shifiti.